Katundu amene ndinasenzetsa mtima wanga

Usiku wa pa 24 Januwale 2022, namondwe wa Ana atatipeza kuno ku Nchalo, ndinalephera kunyamula mwana wanga.

Mvula inali itakhuthuka tsiku lonse osapumira, magetsi atathima. Cha m'ma 11 koloko tinangomva anthu akukuwa panja: madzi! madzi! Potsika pabedi, phazi linaponda m'madzi ozizira. Mayi a kunyumba anabereka khanda kumbuyo, nasenza pamutu chikwama cha ziphaso ndi mabuku a kuchipatala. Ine ndinanyamula mwana wathu woyamba, mtsikana, amene panthawiyo anali ndi zaka zinayi. Tinkathawira kusukulu ya pulayimale imene ili pokwererapo pang'ono, mtunda wosakwana kilomita imodzi. Madzi anali olekeza m'mawondo, akukoka miyendo ngati ali ndi manja.

Sindinafike ndi pakati pomwe. Chifuwa chinathina ngati achikulunga ndi mphira yomangira katundu panjinga. Ndikati ndikoke mpweya, unkathera pakhosi. Ndinatsamira mtengo wa nimu, mwana atandikolowekera manja m'khosi akulira. "Abambo, tiyeni, madzi akukwera!" anatero mayi a kunyumba, koma ine mawu osatuluka. Mnyamata wina wa kabaza, wa nyumba yoyandikana ndi yathu, ndi amene anatulukira mumdimamo. Anachotsa mwanayo m'manja mwanga n'kumuika paphewa. "Madala, gwirani malaya angawa, tizipita." Ndinakafika kusukuluko nditagwira malaya a mwana wa eni ake. Akuluakulu sananame kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kutacha, anthu m'kalasimo ankawerenga zimene zapita ndi madzi: mbuzi, nkhuku, matumba a chimanga, zofunda. Ine ndinakhala pakona, funso limodzi lokha likundidya: mnyamata uja akanapanda kudutsa pamenepo, bwenzi zitatha bwanji?

Ndinabadwa mu 1988 ndi mtima umene sunaumbike bwino. Madokotala amatcha vutoli Tetralogy of Fallot, potengera dzina la dokotala wa ku France amene analifotokoza bwino mu 1888. Mtima wa munthu uli ndi zipinda zinayi. Wanga unali ndi bowo pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri zam'munsi, njira yopititsa magazi kumapapo inali yothina, mtsempha waukulu wotulutsa magazi unakhala pamwamba penipeni pa bowolo, ndipo mnofu wa mbali ya kumanja unakhuthala chifukwa chokankha movutikira. Choncho magazi ena ankazungulira thupi osadzera kumapapo kukatenga mpweya. Amayi amati lilime ndi zikhadabo zanga zinkachita bii, ndipo ndikayenda pang'ono ndinkangonjuta pakati pa njira. Ena ankati ndi ulesi, ena ankati pali dzanja la munthu. Ndinadzamva nditakula kuti ana a vuto limeneli amanjuta okha popanda wowaphunzitsa, chifukwa kunjutako kumakankhira magazi ambiri kumapapo.

Amayi anali ataika kale ana awiri m'manda ine ndisanabadwe. Musaiwale zimenezi pamene ndikunena za iwo.

Mu 1999, mothandizidwa ndi anthu akufuna kwabwino a kumpingo, ndinapita ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni. Anatseka bowo lija, nakulitsa njira ya kumapapo. Ndinabwera ndi chipsera choyambira m'munsi mwa khosi mpaka pamwamba pa mimba, lilime litafiira ngati la wina aliyense. Mudzi wonse unati mwana wachira. Koma lamulo la pakhomo silinasinthe: "Usathamange." Anzanga akukankha mpira wa chikulunga, ine ndinkasunga malaya awo. Abale anga akupita kokatunga madzi, kokaweta mbuzi, kokapalira thonje, ine ndinkatsala pakhonde ndi agogo tikusankha thonje lothyola kale. Kusukulu aphunzitsi ankandipatula pa nthawi yotchetcha ndi yamasewero. Madzulo pamphasa, chiwindi cha mbuzi chinali changa, mnofu wonona wa mlamba unali wanga. "Msiyeni adye, ali ndi mtima ameneyu." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri kuposa dzina langa.

Sindikuwadzudzula amayi ngakhale pang'ono. Kale ngakhale a zachipatala ambiri ankalangiza chomwecho, kuti mwana wa vuto la mtima azikhala phee. Chinali chikondi chenicheni. Kungoti chikondi chimenecho chinandilera ndi miyendo yosadziwa ntchito, ndiponso chinandiphunzitsa kuti phuma lililonse limene ndamva mwini wake ndi mtima, ine ndilibepo mbali.

Nditamaliza Fomu 4 ndinayesa izi ndi izi, kenako ndinatsegula kabenchi kotumizira ndi kulandirira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba pamsika. Aliyense anati ntchito ndi imeneyi, yoyenera munthu ngati ine. Kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo ndili pampando, m'kanyumba ka malata. Amene anafikako kuno ku chigwa mu Okutobala kapena Novembala akudziwa: kutentha kumapyola madigiri 40, malata amalira okha. Ndinkamwa mabotolo atatu a zoziziritsa kukhosi patsiku, pena anayi. M'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi. Nanga ife si tinakulira pakati pa minda ya nzimbe, shuga timamuona ngati m'bale. Masana chipisi ndi kanyenya wa mbuzi, mwana wotumidwa akubweretsa pabenchi pomwepo. Kumapeto kwa mwezi, anthu a kuminda ya nzimbe akalandira, mzere umafika kumsewu, munthu osadzuka ngakhale kamodzi. Poweruka ndinkakwera kabaza, chonsecho kunyumba ndi ulendo wa mphindi 15 wapansi. Kunyumba mitanda inayi ya nsima ikundidikira.

Pa ukwati wathu mu 2015 ndinkalemera makilogalamu 62. Pofika usiku wa Ana ndinali pa 88.

Ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona cholakwika, kuyambira ine ndemwe. "Bwana, zikuyendatu!" "Alamu akukusamalanitu, taonani thupi." Kwa apongozi ku Nsanje ankandilandira ndi nkhuku, akunyadira kuti mwana wawo amadziwa kuphika. Anzathu a Chisena akamathokoza amati takhuta, ndipo ine ndimaona kuti liwu limeneli likunena zambiri za chigwa chathu. Kuno ndi kwa anthu amene anaona chilala cha 1992 ndi njala ya 2002, anthu amene amayi awo analowa m'madambo a Shire kukazula nyika, ng'ona zili momwemo, kuti ana agone atalawa kanthu. Kwa munthu wotero, mwana wonenepa ndi pemphero loyankhidwa. Amayi akandiona kamimba katatsogola ankamwetulira mpaka misozi. Mwana amene ankati sadzakula, lero ndi uyu.

Koma phuma linkakula. Kumanga zingwe za nsapato, phuma. Kukwera masitepe a kubanki, phuma. Usiku mkonono woti mayi a kunyumba ankandigwedeza kuti nditembenuke. Ndinkangoti ndi mtima uja, nanga ndingatani. Kuchipatala cha mtima ndinali nditasiya kupita kwa zaka pafupifupi khumi. Palibe anandiletsa. Ndinkaona ngati opaleshoni inatseka nkhani, komanso, kunena mosabisa, ndinkaopa kukamva zoipa.

Msewu wa M1, umene madzi anadula m'malo angapo, utayambanso kudutsika, ndinakwera minibasi. Tinaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, tinayamba kukwera mapiri kuchokera pa Thabwa, galimoto ikulira mokakamizika m'makona aja, ine ndikumva ngati ikundiyeserera kupuma kwanga. Ku chipatala cha Queens ku Blantyre anandigoneka chammbali, nandipaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kuyamba kuunika mtima ndi makina aja oonetsa pa kanema. Adokotala, mayi wachichepere wolankhula mofatsa, anandionetsa pamene magazi akubwerera. Anati opaleshoni ya ana ngati ine imakonza koma sichotseratu vuto. Pokulitsa njira ya kumapapo, valavu ya pamenepo nthawi zambiri imatsala yosatseka bwino, ndiye mtima ukakankha magazi, ena amabwereranso. Ndinamvetsa msanga, chifukwa mjigo wa kwathu ukatha labala umatero: umapopa, madzi ena n'kutsetserekera pansi, ndiye kuti ndowa idzaze uyenera kupopa kwa nthawi yaitali.

Kenako anandipereka kwa anamwino kuti andiyese kuyenda. Ndi mayeso osavuta: khonde la mamita 30, wotchi, ndi kachipangizo kopana chala. Umayenda kupita ndi kubwerera kwa mphindi zisanu ndi imodzi mmene ungathere, iwo akuwerenga. Ndinaima kawiri nditagwira khoma. Ndinakwanitsa mamita 310. Munthu wa msinkhu wanga wopanda vuto amapyola 500 bwinobwino.

"Adokotala, ndiye kuti mtimawu watha?"

"Ayi bambo. Vuto lilipo, sindikubisirani, ndipo tiziliyang'anira chaka ndi chaka. Koma kudontha kumene ndaonaku sikungabweretse phuma lonseli pakokha. Pa ukwati wanu munkalemera bwanji?"

Ndinawauza.

"Thumba la chimanga ndi makilogalamu angati?"

"50."

"Ndiye inu mwasenza theka la thumba, ndi kakilogalamu kapamwamba. Mumagona nalo, mumadzuka nalo, simulitula."

Ndinakhala chete. Masamu ndiye ntchito yanga, choncho mutu unawerengera wokha. Mwana wanga usiku uja ankalemera cha m'ma 15. Kuphatikiza ndi 26 wangayo, ndiye kuti ndinkayenda m'madzi othamanga nditasenza makilogalamu oposa 40, ndi mtima wodontha, ndi miyendo imene sinagwirepo ntchito yolemetsa chibadwire. Mwanayo sindiye anali wolemera.

Zimene ndaphunzira kuyambira tsiku limenelo ndizinena mmene ndikuzimvera ine. Munthu akakhala pansi, mtima umapopa magazi okwana malita asanu pa mphindi. Akamathamanga, wa mtima wabwino amachulukitsa kanayi kapena kupitirira. Ife obadwa ndi vuto la mtima, ngakhale atatikonza, sitichulukitsa kufika pamenepo. Tili ndi kotsala kochepa kosungira nthawi ya ntchito yolimba. Tsono mafuta a m'thupi si katundu wakufa ngati mchenga. Ndi mnofu wamoyo, uli ndi timitsempha take, umafuna magazi. Thupi likakula magazi amachuluka, mtima umapopa kwambiri ngakhale uli mtulo, ndipo kotsala kaja kamadyeka usanadzuke n'komwe pampando. Mimba nayo imakankha kuchokera pansi, mapapo n'kusowa potambasukira. Pamwamba pake pamabwera BP ndi shuga, alendo amene mtima wosokedwa sukuwafuna. Ndiye palinso miyendo: minofu yosagwiritsidwa ntchito siidziwa kuyamwa bwino mpweya wa okosijeni m'magazi, imatopa msanga n'kumapempha mtima kuti uwonjezere. M'zipatala zikuluzikulu amakupalasitsa njinga yoima utavala chophimba pakamwa, kuyeza mpweya umene thupi likugwiritsa ntchito pa mphindi, kenako amagawa ndi makilogalamu a thupi lako. Ine wa pabenchi izi sizindivuta kumva: ndalama ikhale yomweyo, odya achuluke, aliyense amalandira zochepa.

Anandiwerengeranso chimene amati BMI: kulemera kwako kugawa ndi kutalika kwako kochulukitsa ndi kutalika komweko. Ine ndine wa mamita 1.65, ndiye inatuluka 32. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapitirira, kuyambira 30 ndi kunenepa kodetsa nkhawa. Koma chimene ndinachikonda ndi njira ya chingwe, chifukwa siifuna sikelo. Umadula chingwe chofanana ndi msinkhu wako, kuchokera kuphazi kufika pamutu, n'kuchipinda pakati. Chopindacho chiyenera kuzungulira m'chiuno, cha pamchombo, nsonga n'kukumana. Changa chinatsala mpata woposa chikhatho chotambasula.

Mwa ana 100 alionse obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto la mtima, lalikulu kapena laling'ono. M'mayiko amene opaleshoni imapezeka mosavuta, ana asanu ndi anayi mwa khumi otere amakula, mwakuti akuluakulu a vutoli tsopano achuluka kuposa ana. Kumeneko ndi kumene madokotala anayamba kuona zomwe zinandichitikira inezi: ana amene anauzidwa kuti azikhala phee akukula onenepa, akulephera kuyenda mtunda umene mtima wawo ukanaukwanitsa. Malangizo anasintha. Lero ambiri a ife timalimbikitsidwa kuyenda ndi kugwiritsa ntchito thupi. Kwathu kuno ana ambiri otere safika pa opaleshoni, ndipo zimandiwawa. Ochepa amene tinapulumuka tabalalika m'midzi ndi m'misika, aliyense akusungidwa ngati dzira, osadziwana.

Pano ndichenjeze, chifukwa sindikufuna wina avulale ndi nkhani yanga. Mitima yathu si yofanana. Alipo ena amene bowo lawo silinatsekedwe ndipo mitsempha ya m'mapapo inauma, alipo a mtima wogunda mosokonekera, alipo amene vuto lawo ndi kuwonda, osati kunenepa. Asanakuunikeni, musayambe. Ine anandiuza malire anga: ndiziyenda pa liwiro loti ndingathe kucheza ndi mnzanga koma osatha kuimba nyimbo. Ndisanyamule zolemera mobanika mpweya. Ndikamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukuthamanga modumphadumpha, ndiime, ndipite kuchipatala. Anandiuzanso kusiyanitsa mafuta ndi madzi: thupi likakwera makilogalamu awiri m'masiku atatu, akakolo atatupa, usiku ukulephera kugona chagada, amenewo si mafuta, ndi madzi, mtima ukulephera, ndipo sizodikira kuti mwezi uthe.

Ndinayamba ndi mphindi khumi. Kuno sungayende dzuwa litatuluka, ndiye ndimadzuka cha m'ma 4:30, kukadali kachisisira, atambala akulira kachiwiri. Sabata yoyamba ndinkafika pamjigo n'kubwerera. Sabata yachitatu ndinafika patchalitchi. Mawondo ankawawa, ntchafu zinkapsa. Patatha miyezi itatu ndinali kuyenda mphindi 30, masiku asanu pa sabata, zomwe zimakwana mphindi 150 zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu aliyense. Kabaza wa poweruka ndinasiya, ngakhale mnyamata uja ndimamutumabe katundu kuti asaluze kasitomala.

Chovuta kuposa miyendo chinali pakamwa pa anthu. Kuno munthu sayenda wopanda kopita. Bambo wapabanja woyenda mbandakucha, m'manja mulibe khasu, mulibe chikwama, akuchokera kuti? Mayi a kunyumba anauzidwa kumjigo kuti atsegule maso. Ena ananong'ona zoipa kuposa pamenepo, zija za oyenda usiku. Thupi litayamba kutsika, nkhani inasintha: "Bwana uja akudwala, akayezetse." "Bizinesi yagwa." Abale athu amene ali ndi HIV ndi anthu ngati ife tonse, ndipo ambiri ali ndi thanzi kuposa ine. Koma ndaona ndi maso anga kuti mantha a kunenedwa amachititsa anthu kuumirira thupi limene likuwapweteka. Tsiku lina mayi a kunyumba anangoti, "Abambo, mawa mundidzutse." Tinayenda limodzi, khanda lili kumbuyo. Miseche inachepa kuyambira pamenepo.

Pa chakudya sitinachite zodabwitsa, ndalama zake zikanachokera kuti. Mitanda inayi inasanduka iwiri, ndipo nthawi zina ndi ya mapira, imene imakhalitsa m'mimba. Mbale ya ndiwo zamasamba inakula: bonongwe, nkhwani, chisoso, ndi chammwamba cha kuseri kwa nyumba. Nsomba timawamba kapena kuphika ndi tomato m'malo mokazinga. Pabenchi ndimaika chigubu cha madzi chokutidwa ndi chiguduli chonyowa. Tiyi ndinatsitsa supuni imodzi imodzi, pano ndili pa imodzi. Mchere ndiwo unativuta, chifukwa amati munthu asapyole magalamu asanu patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, pomwe madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi amchere kale. Tinachotsa kambale ka mchere pamphasa.

Sikuti zinayenda mowongoka. Nyengo ya Khirisimasi ndinabweza makilogalamu atatu. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, matope ndi nkhawa zinandikhazika pansi mwezi wathunthu, ndipo poyambiranso zinali ngati sindinayendepo. Panopa ndili pa 77. Sindinafike pomwe ndikufuna. Pa ulendo wanga womaliza wa ku Blantyre ndinayenda mamita 460 pakhonde lomwe lija, osaima. Valavu ikudonthabe monga kale. Adokotala akuti tsiku lina mwina idzafunika kusintha, ndipo izi zingadzafune ulendo wa kunja, monga ambiri amene amatumizidwa ku India. Akuti tsikulo likadzafika, thupi lopepuka ndi miyendo yolimba zidzandithandiza kudzuka msanga pabedi la opaleshoni.

Amene ndinkaopa kwambiri ndi amayi. Atabwera kudzationa mwezi wathawu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nakhala pamkeka osalankhula. Kenako anaitana mpongozi wawo kuseri, ndipo ndinamva akufunsa motsitsa mawu ngati pakhomo pali ufa. Madzulo ndinakhala nawo pafupi. Ndinawafotokozera za usiku wa Ana, zimene ndinali ndisanawauzepo. Ndinawauza za mtengo wa nimu, za mdzukulu wawo ali paphewa la mwana wa eni ake. Anagwira pakamwa.

"Mwananga, ine ndinkati ndikukusunga."

"Munandisungadi amayi. Popanda inu bwenzi kulibe ine."

Anaona chingwe chija chili pamsomali kuseri kwa chitseko, nafunsa kuti n'chachiyani. Nditawalongosolera, anati ndiimirire. Anachipinda okha pakati, nandizunguliza m'chiuno ndi manja awo aja okhakhala ndi khasu. Panatsala mpata wa zala zitatu. Anauyeza kawiri, nabwezera chingwe pamsomali.

M'mawa mwake, 4:30 isanakwane, ndinamva kukhosomola pakhonde. Potsegula chitseko ndinapeza amayi ataima, chitenje atamanga cholimba m'chiuno, mpango kumutu, patapata kuphazi.

"Ukuti umafika patchalitchi? Tiye, koma usathamange."